Maso akachita chikasu si malungo okha: mafunso ndi mayankho pa hepatitis E

Mvula ikayamba kugwa mwamphamvu mu Blantyre, uthenga wa pawailesi umakhala wa kolera, ndipo m'pake chifukwa mliri wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Koma m'madzi oipa omwewo mumayendanso kachilombo kena kamene sikatchulidwatchulidwa, ngakhale magazi a Amalawi anasonyeza kale kuti kali pakati pathu. Ndi kachilombo ka hepatitis E, ndipo amene kamawachita chipongwe kwambiri ndi amayi oyembekezera.

Kodi hepatitis E ndi nthenda yanji?

Ndi nthenda yotupitsa chiwindi. Tizilombo todziwika bwino toyambitsa kutupa kwa chiwindi tilipo tisanu, ndipo timatchedwa A, B, C, D ndi E. Ta B, C ndi D timadzera m'magazi. Ka A ndi ka E njira yake ndi ya pakamwa: chimbudzi cha munthu wodwala chikalowa m'madzi kapena m'chakudya, amene wamwa kapena kudya ndiye wotsatira. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linayerekeza kuti anthu pafupifupi 20 miliyoni amatenga hepatitis E chaka chilichonse, kuti mwa iwo pafupifupi 3.3 miliyoni ndi amene amaonetsa zizindikiro, ndiponso kuti mu 2015 nthendayi inapha anthu pafupifupi 44,000.

Munthu angadziwe bwanji kuti watenga?

Ambiri sadziwa n'komwe, makamaka ana, omwe kachilomboka kamangodutsa m'thupi mwawo mwakachetechete. Amene amadwala moonekera nthawi zambiri ndi a zaka za pakati pa 15 ndi 40. Zimayamba ngati malungo: thupi kutentha pang'ono, kufooka, nseru, kusanza, kusafuna chakudya, ndi kupweteka pansi pa nthiti kudzanja lamanja. Patapita masiku mkodzo umada kwambiri, chimbudzi chimayezuka, ena khungu limayabwa, kenako maso amachita chikasu. Wodwala wamba amachira yekha pakati pa milungu iwiri ndi isanu ndi umodzi.

Chovuta ndi kuchedwa kwake. Kolera imagwetsa munthu pasanathe masiku asanu atamwa madzi oipa, choncho aliyense amaloza chitsime chomwe chalakwa. Hepatitis E imabisala milungu iwiri mpaka khumi, kawirikawiri isanu kapena isanu ndi umodzi. Amene anamwa madzi oipa mvula ya mu Febuluwale itagumula zimbudzi amadzachita chikasu kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, dzuwa litawala, matope atauma. Nthawi imeneyo ndani angakumbuke za chitsime chija? Ndipo kachilomboka kamayamba kutuluka m'chimbudzi cha munthu iye asanachite chikasu, n'kupitiriza kwa milungu itatu kapena inayi atadwala.

Kodi kuno kwathu kaliko, kapena ndi nkhani ya kunja?

Kaliko. Mu 2015 magazini ya zachipatala ya Emerging Infectious Diseases inasindikiza kafukufuku wotsogoleredwa ndi Pulofesa Taha E. Taha wa ku yunivesite ya Johns Hopkins, yomwe yakhala ikugwira ntchito ndi sukulu ya madokotala ya mu Blantyre kwa zaka zambiri. Ochita kafukufukuwo anatenga magazi omwe anasungidwa m'mafiriji kuchokera kwa amuna ndi akazi a m'Malawi amene analowa m'makafukufuku ena pakati pa 1989 ndi 2008. Pa anthu 800, okwana 16.5 peresenti anali ndi asilikali a m'thupi olimbana ndi hepatitis E. Ndiye kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu asanu ndi mmodzi alionse.

Timvetsetse bwino tanthauzo lake. Kupezeka ndi asilikali amenewa sikutanthauza kuti munthu akudwala tsikulo. Ali ngati mapazi a mbala m'munda: mbalayo simunaione, koma mukudziwa kuti inadutsa. Kafukufukuyu sanapeze kuti chiwerengerocho chinkakwera kapena kutsika momveka bwino m'zaka zonsezo, komanso sanapeze kusiyana pakati pa anthu omwe ali ndi HIV ndi omwe alibe. Olembawo anachenjeza kuti odwala nthendayi akhoza kukhala kuti sazindikiridwa, kapena amalembedwa kuti akudwala zina.

Ku Lusaka zinthu zinaoneka zoopsa kuposa apa. Kafukufuku wa mu 2014 wa m'komboni ya Misisi anapeza asilikali omwewa mwa akuluakulu pafupifupi 42 mwa 100 alionse, ndipo kumeneko omwe ali ndi HIV ndiwo anachuluka. Misisi ndi malo othithikana, a zimbudzi zokumba ndi madzi operewera. Aliyense amene anayendapo mkati mwa Ndirande kapena ku Ntopwa ku Bangwe sangaone zachilendo kumeneko.

Nanga n'chifukwa chiyani sitimva kuti uje wadwala hepatitis E?

Chifukwa nthenda imatchulidwa dzina ikayezedwa. Pachipatala chaching'ono, kaya ku Chilomoni, ku Zingwangwa kapena ku South Lunzu ku Machinjiri, zoyezera zachangu za tsiku ndi tsiku ndi za malungo, HIV ndi chindoko. Choyezera hepatitis E sichili m'gulu limenelo. Ndipo chikasu chili ndi eni ake ambiri: malungo aakulu, hepatitis B, kachasu, nthenda ya sickle cell, mankhwala ena a TB, ngakhale zitsamba zina. Wodwala akayezedwa malungo n'kupezeka alibe, n'kuchira yekha patatha mwezi, nkhani imathera pomwepo. Ena safika n'komwe kuchipatala, chifukwa chikhulupiriro chakuti chikasu n'cha mankhwala achikuda chidakali champhamvu. Wazitsamba amalandira ulemu wa ntchito imene thupi lagwira lokha.

Maganizo anga ndi akuti kusamveka kwa nthendayi kuno si umboni wakuti kulibe. Ndi umboni wakuti sitikuifufuza.

Ngati ambiri amachira okha, tikudandauliranji?

Tikudandaula chifukwa cha mayi wapakati. Mayi woyembekezera akadwala hepatitis E mimba ili m'miyezi itatu yomaliza, chiwindi chikhoza kusiyiratu kugwira ntchito m'masiku ochepa. WHO imati pa nthawi imeneyi amayi 20 mpaka 25 mwa 100 alionse odwala akhoza kumwalira. Chiwindi ndicho chimapanga zothandiza magazi kuundana, ndiye chikafooka mayi amataya magazi osaleka pobereka. Poizoni amene chiwindi chimayenera kuchotsa amakwera kumutu, mayi n'kuyamba kubwebweta, kugona kwambiri, kenako kukomoka. Mwana akhoza kubadwa masiku asanakwane, kufera m'mimba, kapena kutengera kachilomboka kwa mayi ake. Akatswiri akufufuzabe chomwe chimapangitsa mimba kukhala yoopsa chonchi, ndipo akuyang'ana kwambiri kusintha kwa chitetezo cha m'thupi ndi mahomoni pa nthawiyo.

Chitsanzo chapafupi ndi Namibia. Mliri unayamba chakumapeto kwa 2017 m'madera a zisakasa a Havana ndi Goreangab mumzinda wa Windhoek, komwe anthu ambiri ankadalira mipopi yochepa yogawana ndipo zimbudzi zinali zosakwanira. Boma linadzalengeza kuti watha mu Malichi 2022, patatha zaka zinayi. Anthu oposa 8,000 anadwala, 66 anamwalira, ndipo mwa omwalirawo 27 anali amayi oyembekezera kapena ongobereka kumene. Umenewu sunali msasa wa othawa nkhondo ayi. Unali mzinda waukulu wa dziko lomwe chuma chake chimaposa chathu.

Ena amene ayenera kusamala ndi omwe chiwindi chawo chinavulala kale, monga odwala hepatitis B osachira ndi omwa mowa mwauchidakwa.

M'matauni mwathu muno, kachilomboka kangadzere pati?

Madzi ambiri a mumzinda wa Blantyre amachokera mumtsinje wa Shire ku Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amachita kukankhidwa ndi mapampu kukwera phiri. Ena amachokera ku damu la Mudi ndi ku Likhubula ku Mulanje. Pochoka kumeneko amakhala atathiridwa mankhwala. Vuto limayamba mpopi ukauma. Amayi akaima pakiyosiki ndi zigubu mpaka dzuwa kutentha osaona dontho, amatsikira kuchitsime chosatetezedwa kapena kumtsinje, ku Nasolo, ku Mudi, ku Naperi, ku Lunzu. Chitsimecho nthawi zambiri chili kumunsi kwa phiri, zimbudzi za anthu zili kumtunda. Paipi yong'ambika imene yadutsa m'ngalande, ikakhala yopanda madzi mkati, imatha kuyamwa zoipa za m'ngalandemo, ndiye madzi oyamba kubwera mpopi ukayambiranso amafunika kuwakayikira. Namondwe wa Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe, ku Soche ndi ku Manja mu Malichi 2023, mabanja anadzazana m'misasa ya m'sukulu, kugawana zimbudzi zochepa. Miliri ya hepatitis E m'maiko ena yabukira m'malo otere.

Koma china chili m'nyumba mwenimweni. Ku Kitgum, kumpoto kwa Uganda, mliri wa 2007 mpaka 2009 unadwalitsa anthu oposa 10,000 n'kupha pafupifupi 160. Ochita kafukufuku atayerekeza makomo a odwala ndi a osadwala, anapeza zizolowezi ziwiri zimene zinkachuluka kwa odwala: kusunga madzi akumwa m'ziwiya zotakasuka kukamwa, ndi kusamba m'manja anthu onse m'beseni limodzi. Taganizirani nsima itafika pamphasa. Beseni limayambira kwa bambo, lipite kwa mlendo, kenako ana kutsatira ukulu, ndipo wamng'ono amasamba m'madzi otuwa kale, n'kuyamba kutema nsima ndi manja omwewo. Pamaliro ndi paukwati beseni limodzi limazungulira anthu makumi angapo. Ndowa ya madzi akumwa nayo ili pakona yosavundikira, kapu ikuyandama momwemo, aliyense akamatunga zala zimanyowa. Madzi anali abwino pochoka pakiyosiki, aipira m'nyumba.

Ndamva kuti nyama ya nkhumba imapatsira. Zoona?

Zoona, koma ndi mtundu wina wa kachilomboka. Mitundu yodziwika kwambiri mwa anthu ilipo inayi. Woyamba ndi wachiwiri umapezeka mwa anthu okha, ndipo ndi umene umabweretsa miliri ya m'madzi ku Africa ndi ku Asia. Wachitatu ndi wachinayi umakhala mu nkhumba, nguluwe ndi agwape, ndipo umadwalitsa anthu ku Ulaya, ku Japan ndi ku China akadya nyama kapena chiwindi chosapsa. Ku Britain mpaka anayamba kuyeza magazi operekedwa m'zipatala kuti asapatsire odwala. Wokonda nkhumba ya pachiwaya aonetsetse kuti yapsa mpaka mkati, yosafiira, makamaka chiwindi ndi zam'mimba.

Kodi asayansi anakatulukira bwanji?

Mbiri yake inayambira m'madzi osefukira. Chakumapeto kwa 1955 mtsinje wa Yamuna unasefukira ku Delhi, ku India, ndipo madzi a suweji analowa pamalo opopera madzi akumwa a mzindawo. Milungu ingapo pambuyo pake anthu pafupifupi 29,000 anachita chikasu. Madokotala anati ndi hepatitis A, koma ena anasunga magazi a odwalawo. Patatha zaka zoposa 20, zoyezera hepatitis A ndi B zitapezeka, magaziwo anatulutsidwa n'kuyezedwa, ndipo zinaoneka kuti si A, si B. Mu 1978 dokotala wina wa ku Kashmir, Mohammad Sultan Khuroo, anayenda m'midzi kufufuza mliri wina wa chikasu womwe unkapha kwambiri amayi apakati, nayenso n'kutsimikiza kuti pali kachilombo katsopano.

Amene anakaona ndi maso anali Mikhail Balayan wa ku Moscow. Asilikali a Soviet Union omwe ankamenya nkhondo ku Afghanistan ankadwala chikasu chosadziwika. Balayan anatenga chimbudzi cha odwalawo, n'kuchisefa, n'kumwa yekha. Patatha milungu isanu anadwala, ndipo m'chimbudzi chake anapezamo kachilomboka pogwiritsa ntchito makina amphamvu oonera tinthu ting'onoting'ono. Zotsatira zinasindikizidwa mu 1983. Lero komiti yoona za malamulo a kafukufuku singalole zoterozo, ndipo ingachite bwino kukana. Chibadwa cha kachilomboka chinadzawerengedwa mu 1990 ndi 1991, ndipo apa m'pamene panatseguka njira yopangira zoyezera ndi katemera.

Onani kuti ku Delhi ndi kuno ku Malawi komwe, choonadi chinatuluka m'magazi osungidwa m'firiji. Anthu amakayikira akamva kuti magazi awo asungidwa, ndipo ali ndi ufulu wofunsa ndi wokana. Koma ntchito yake ndi imeneyi.

Mankhwala ake alipo?

A nthenda yongobwera kumeneyi palibe. Maantibayotiki sagwira, LA wa malungo sagwira. Wodwala amafunika kupuma, kumwa madzi abwino ndi kudya zimene angathe. Mowa ausiyiretu. Asamangomwa panado kapena zitsamba popanda uphungu wa achipatala, chifukwa zonsezo zimadzera m'chiwindi chomwe chikuvutika kale. Kwa anthu ochepa amene chitetezo chawo n'chotsika kwambiri, monga oikidwa impso ya munthu wina, kachilomboka kamatha kukhazikika m'thupi. Izi madokotala a ku Toulouse ku France anazifotokoza mu 2008, ndipo odwala oterowo amapatsidwa mankhwala a ribavirin. Mankhwalawa saperekedwa kwa mayi woyembekezera chifukwa amavulaza mwana.

Nanga katemera? Mwana wanga analandira wa hepatitis kusikelo.

Wa kusikelo ndi wa hepatitis B, yemwe anayamba kuperekedwa kwa ana m'Malawi mu 2002, ndipo sateteza ku hepatitis E. Katemera wa hepatitis E alipo mmodzi yekha pamsika, dzina lake Hecolin, wopangidwa ndi kampani ya Xiamen Innovax ya ku China. Anayesedwa pa anthu oposa 112,000 m'chigawo cha Jiangsu, ndipo pa onse amene anabayidwa katatu panalibe amene anadwala m'chaka chotsatira. Patatha zaka zinayi ndi theka ankatetezabe pafupifupi 87 peresenti. Dziko la China linamuvomereza mu 2011, kwa anthu a zaka 16 kupita m'tsogolo.

Panali wina asanabwere ameneyu. Kampani ya GlaxoSmithKline ndi asilikali a ku America anayesa katemera ku Nepal, ndipo zotsatira za mu 2007 zinasonyeza kuti ankateteza pafupifupi 95 peresenti. Sanafike pamsika. Katemera wa nthenda yopha amayi osauka a m'misasa amasowa ogula.

Hecolin naye anakhala zaka khumi osagwiritsidwa ntchito pa mliri uliwonse, ngakhale WHO inali itanena mu 2015 kuti angaganiziridwe pa miliri. Koyamba kunali mu Malichi ndi Epulo 2022 kumsasa wa Bentiu ku South Sudan, komwe unduna wa zaumoyo ndi bungwe la Médecins Sans Frontières anabaya anthu pafupifupi 25,000, amayi oyembekezera omwe. Kafukufuku wotsatira anasonyeza kuti kubayidwa kawiri kokha kunkateteza, nkhani yabwino chifukwa jakisoni wachitatu amadikira miyezi isanu ndi umodzi, nthawi imene mliri sudikira. Funso lalikulu limene latsala ndi la mimba. Ku Matlab ku Bangladesh kafukufuku anaona kuti kupita padera kunachulukirapo mwa amayi amene anabayidwa chakufupi ndi nthawi yotenga mimba, pomwe ku Bentiu sanaone zimenezo. Akatswiri akupitiriza kuzifufuza. M'ndondomeko ya katemera ya m'Malawi, Hecolin mulibe.

Kodi Blantyre ingachitepo chiyani pa kafukufuku ameneyu?

Zambiri, chifukwa zida ndi anthu zilipo kale. Ku Ndirande ndi ku Zingwangwa ndi kumene katemera watsopano wa tayifodi anayesedwa koyamba mu Africa. Kuyambira mu Febuluwale 2018 ana oposa 28,000 analowa m'kafukufukuyo, yemwe anachitika ndi mabungwe a Malawi-Liverpool-Wellcome ndi Blantyre Malaria Project. Katemerayo anateteza ana pafupifupi 80 mwa 100 alionse, ndipo mu Meyi 2023 boma linamupereka kwa ana m'dziko lonse. Makolo a m'matauni awiriwa anathandiza Africa yense. Akatswiri omwewo akhala akutunga madzi m'mitsinje ndi m'masuweji a mumzindawu kufufuza tizilombo ta tayifodi ndi ta Covid-19.

Kachilombo ka hepatitis E nako kamapezeka m'madzi a suweji, choncho botolo lomwelo likhoza kuyezedwanso. Chachiwiri n'chosavuta kunena: mayi aliyense woyembekezera amene wafika kuchipatala chachikulu cha Gulupu ndi chikasu aziyezedwa hepatitis E, ndipo zotsatira zizilembedwa. Chiwerengero cha kafukufuku wa Taha uja n'cha magazi otengedwa pofika 2008, ndipo kuyambira pamenepo Machinjiri ndi Bangwe zakula kwambiri. Yunivesite ya KUHeS ndi unduna wa zaumoyo akhoza kuyamba ndi ziwirizi, osadikira kuti zichitike za ku Windhoek.

Pakadali pano, banja lichite chiyani?

Madzi akumwa awiritsidwe mpaka abwadamuke, kapena athiridwe WaterGuard kapena kolorini wochokera kwa alangizi a zaumoyo, n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Asungidwe m'chigubu chotseka chapakamwa pang'ono, muzichita kupungula, osati kuviikamo kapu. Posamba m'manja wina azithirira mnzake ndi jagi, sopo ali pomwepo, ndipo beseni lizingolandira madzi akuda. Pachimbudzi pakhale mpondagiya. Matewera ndi chimbudzi cha mwana zisatayidwe m'ngalande. Wodwala chikasu asaphike kapena kutungira ena madzi mpaka patatha mwezi, ndipo ngati m'nyumbamo muli woyembekezera, asakhale iye wochapa ndi wosamalira wodwalayo. Mukaona anthu angapo a dera limodzi achita chikasu motsatizana, uzani alangizi a zaumoyo kapena amfumu msanga.

Ndipo inu abambo, apongozi ndi anansi, mayi woyembekezera akachita chikasu m'maso kapena mkodzo ukada, musadikire tsiku la sikelo, musayambire kwa azitsamba. Mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Akayamba kubwebweta, kugona kwambiri, kusanza kosaleka kapena kutuluka magazi, pezani galimoto ngakhale pakati pa usiku, ndipo mukafika muwauze adokotala kumene banja lanu lakhala likutunga madzi m'miyezi iwiri yapitayi.